Kulima rhubarb pakhomo: kuyambira kukumba dzenje mpaka kuzula mapesi

Rhubarb ndi mbewu ya mlimi woleza mtima. Chaka chimene mwabzala simudya kanthu, chaka chachiwiri mumangolawako, ndipo zokolola zenizeni zimayamba chaka chachitatu. Koma chitsa chimodzi chikakhazikika pamalo oyenera, chimakupatsani mapesi owawasa, ofiira kapena obiriwira, chaka ndi chaka kwa zaka 10 ngakhale kuposerapo, osagulanso mbewu ina. N'chifukwa chake ntchito yonse imene ndikufotokozereni pano ikuloza pa chinthu chimodzi: chitsa chimene chili pansi pa nthaka. Chidyetseni, chitetezeni ku madzi osayenda, ndipo musachiumirize kubereka chisanakhwime.

Kwa amene sanamuonepo, rhubarb ndi chomera cha masamba aakuluakulu otambalala, ndipo tsamba lililonse limakhala pa phesi lake lonenepa, lodzaza madzi, lotuluka pachitsa penipeni. Chodyedwa ndi phesilo basi. Kwawo kwa chomerachi ndi kumadera ozizira a ku Asia, monga China, Mongolia ndi Siberia, ndipo ku China mizu ya mitundu ina ya rhubarb yakhala ikugwiritsidwa ntchito ngati mankhwala otsuka m'mimba kuyambira kalekale. Kudya mapesi kunafala ku Britain m'zaka za m'ma 1800, shuga atayamba kupezeka mosavuta, pakuti popanda chotsekemera ndi anthu ochepa amene angapirire kuwawasa kwake. Mwa chibadwa si chipatso, koma amaphikidwa ngati chipatso: amamuwiritsa ndi shuga, amapangira jamu, amamuika m'makeke.

Tisanapite patali, chenjezo ili mulisunge: masamba a rhubarb sadyedwa, ophika kapena osaphika. Ali ndi asidi wambiri wotchedwa oxalic, ndipo munthu akadya ochuluka amasanza, amamva kupotokola m'mimba, mwinanso impso zake zimawonongeka. Ku Britain pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, chakudya chitavuta, anthu analangizidwa molakwika kuti aziphika masambawa, ndipo ena anadwala nawo kwambiri. Masamba ake ndi okongola, amakopa aliyense wozolowera kuthyola ndiwo m'dimba, choncho uzani onse a pakhomo, ana ndi akulu omwe. Ziwetonso musazipatse.

Kodi kwanuko kumazizira mokwanira?

Musanagwire khasu, yankhani funso limeneli moona mtima, chifukwa ambiri amataya mphamvu pachabe pomwepa. Rhubarb amafuna kugona. M'nyengo yozizira masamba ake amafota n'kuuma, chitsa chimapuma pansi, ndipo kuti chidzadzuke ndi mphamvu chimayenera kukhala milungu ingapo pa kuzizira kwa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Nyengo yokula amakondwa kukakhala kofunda pang'ono, kosapitirira madigiri 24. Kutentha kukadutsa madigiri 30 amaima kukula, masamba amalefuka masana, mapesi amatuluka oonda.

Ngati kwanu kumagwa chisanu chaka chilichonse, muli pabwino, ndipo zonse zili m'munsimu zikukhudzani monga zalembedwera. Ngati muli kudziko lotentha koma kudera lokwera, kumapiri kumene usiku kumazizira kwambiri miyezi ingapo pachaka, rhubarb atha kuchita bwino mukampatsa mthunzi wa masana ndi kuphimbira nthaka. Funafunani mitundu yosalira kuzizira kwambiri. Alimi a ku Australia ali nayo ingapo, monga Sydney Crimson ndi Ever Red, imene kumadera ofunda imatulutsa mapesi pafupifupi chaka chonse.

Nanga kuchigwa kotentha? Kumeneko musalimbane ndi nyengo, chitsa sichingapirire chilimwe. Chimene chimatheka ndi kumulima ngati mbewu ya chaka chimodzi: fesani njere kutentha kukayamba kuchepa, wokerani mbande kukayamba kuzizira, kololani zimene zapezeka kutentha kusanabwerere, ndipo chaka chamawa fesaninso. Zokolola zake sizichuluka, koma mumalawako. Mukasankha njira imeneyi, lamulo lodikira zaka ziwiri silikukhudzani.

Malo ndi nthaka: apa musathamange

Rhubarb sakonda kusamutsidwasamutsidwa. Sankhani malo amene simudzawafuna pa ntchito ina kwa zaka zambiri, makamaka m'mphepete mwa dimba kumene khasu la chaka ndi chaka silifika. Kumadera ozizira mpatseni dzuwa la tsiku lonse, kapena la maola osachepera 6. Kumadera ofunda dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana ndiye zabwino. Pansi pa mtengo waukulu ayi, mizu ya mtengowo idzamulanda madzi ndi chakudya.

Koma choposa dzuwa ndi kayendedwe ka madzi m'nthaka. Mwa zonse zimene zimapha rhubarb, lowe ndiye woyamba. Chomerachi chimamwa madzi ambiri, inde, koma chitsa chikakhala m'matope masiku angapo chimayamba kuwola, ndipo chikawola palibe mankhwala ochibwezera. Yesani malowo motere: kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lidzazeni madzi madzulo, mulisiye. Mukapeza madzi adakalimo m'mawa mwake, malowo si oyenera monga alili. Sankhani ena, kapena unjikani dothi mupange bedi lokwera masentimita 20 mpaka 30 kuti madzi azitsetsereka. Dothi la makande limafuna bedi lokwera pafupifupi nthawi zonse. Dothi lamchenga vuto lake ndi lina, silisunga chinyezi ndi chakudya, ndipo mankhwala a mavuto onse awiriwa ndi amodzi: manyowa ambiri owola bwino.

Kenako chotsani udzu, makamaka uja wa mizu yoyanga pansi monga kapinga ndi dawe. Fukulani ndi foloko, tolani muzu uliwonse ndi manja. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo mtima umafuna kunena kuti zotsalazo tidzapalira m'tsogolo. Musaumvere. Kapinga akalowerera pakati pa mizu ya rhubarb simungamuchotsenso popanda kufukula chitsa chonse.

Pa chomera chilichonse kumbani dzenje la masentimita 50 kuya kwake ndi 50 m'mimba mwake. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa a khola owola bwino kapena kompositi, n'kulibwezera m'dzenjemo. Ndowe zaziwisi musaike, zimawotcha mizu yanthete. Manyowa owola bwino mumawadziwa: ndi akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira dothi osati khola. Ngati muli ndi choyezera asidi wa m'nthaka, rhubarb amakonda pH ya pakati pa 6.0 ndi 6.8, ndipo nthaka ikakhala ya asidi wambiri kuposa apa thirani laimu pang'ono miyezi ingapo musanabzale. Maenjewa akonzeni kudakali milungu iwiri kapena itatu kuti dothi likhazikike, apo ayi chitsa chidzamira pamene dothi likutsika.

Kuchokera pa dzenje lina kufika pa linzake pakhale masentimita 90 mpaka 120. Mukaona kachitsa kakang'ono m'manja mwanu mtunda umenewu umaoneka ngati kuwononga malo, koma pomatha zaka zitatu masamba adzakhala atakumana. Zomera zothithikana zimapikisana chakudya, mphepo sidutsa, matenda a masamba amafala. Banja limodzi zomera ziwiri kapena zitatu zimakwanira.

Chitsa kapena njere?

Ngati mungapeze chitsa, tengani chitsa. Chimakula msanga, ndipo chimabereka mapesi ofanana ndendende ndi a kholo lake. Mungagule ku nazale, kapena kupempha kwa mnzanu amene akugawa chitsa chake chakale, bola mutaona ndi maso anu kuti chomera chakecho ndi chathanzi. Chitsa chabwino ndi cholimba, cholemera m'manja, chokhala ndi diso (pophukira) limodzi mpaka atatu onenepa pamwamba pake, ndi mizu ingapo pansi. Chofewa, chonyowa mkati kapena chonunkha chisiyeni, chingakubweretsereni matenda m'dimba. Mukafika nacho kunyumba bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake, chisaume.

Njere ndi za pamene zitsa sizipezeka, kapena pamene mukulima kudera lotentha. Ziviikeni m'madzi maola ochepa, fesani m'machubu kapena pa nazale kuya kwa sentimita imodzi kapena awiri, musunge dothi lachinyezi. Zimamera pakati pa mlungu umodzi ndi milungu itatu. Dziwani kuti mbande za njere sizifanana: zina zimatuluka zamphamvu, zina zofooka, zina zofiira, zina zobiriwira. Fesani zambiri, musankhe zonenepa zokhazokha, zotsalazo muzule osamva chisoni. Wokerani zikatulutsa masamba atatu kapena anayi enieni. Kumadera ozizira njira ya njere imakuchedwetsani ndi chaka chimodzi.

Za mitundu ndinene mwachidule. Victoria wakhalapo kuyambira 1837, ndi wolimba, wobereka kwambiri, mapesi ake obiriwira ofiira cha kutsinde. Timperley Early amadzuka msanga kuposa anzake. Glaskin's Perpetual amachita bwino kuchokera ku njere. Canada Red ndi Valentine ndi a ofuna mapesi ofiira. Mtundu wa phesi usakunyengeni: kufiira si kupsa, ndipo kubiriwira si kusakhwima. Mtundu wobiriwira udzakhala wobiriwira ngakhale mudikire mpaka liti.

Tsiku lobzala

Chitsa chimabzalidwa chikadali mtulo, kumapeto kwa nyengo yozizira nthaka ikayamba kulimika, kapena kumayambiriro kwa nyengoyo. Ku Ulaya ndi ku North America ndiye kuti cha mu March ndi April, kapena October ndi November. Kumayiko a kum'mwera monga South Africa, Australia ndi New Zealand ndi cha mu June mpaka August.

Fukulani pakati pa dzenje lokonzedwa lija, khazikani chitsa maso ataloza kumwamba, mizu itatambasuka. Kwirirani kuti maso akhale pansi pa dothi masentimita 2 mpaka 5 basi. Pa dothi lolemera, losunga madzi, masowo asiyeni akusuzumira pamwamba. Kukwirira kwambiri ndiye cholakwa chofala pa tsikuli: chitsa chozama chimachedwa kudzuka, ndipo nthawi zambiri chimawolera komweko. Tsinderani dothi ndi manja mozungulira, osaponda pamwamba pa maso, kenako thirirani mokwanira kuti dothi ligwirane ndi mizu. Pamalopo pakhale potukuka pang'ono, pasakhale kabeseni kosunga madzi pachitsa. Zikani kamtengo pambali kuti mudzadziwe pamene chili masamba akadzauma.

Opanda dimba atha kubzala m'chidebe, koma chikhale chachikulu, masentimita 50 kuya ndi m'mimba mwake, chobooledwa pansi. Wa m'chidebe amafuna kuthiriridwa ndi kudyetsedwa pafupipafupi.

Chaka choyamba: manja kumbuyo

Pakapita milungu ingapo mudzaona timitu tofiira tikutumphuka, kenako masamba okwinyika akutambasuka, ndipo posakhalitsa mapesi adzaoneka oti n'kudyedwa. Musazule ngakhale limodzi. Chifukwa chake nachi. Chitsa ndi nkhokwe ya chomerachi, ndipo masamba ndi amene amatutiramo chakudya chimene amapanga ndi dzuwa. Mapesi a chaka chamawa adzatuluka ndi mphamvu ya zimene zasungidwa chaka chino. Tsamba lililonse limene mungachotse nkhokwe isanadzaze mwachepetsa zokolola za zaka zikubwerazi, ndipo chomera chofooketsedwa chidakali chaching'ono chimatenga nthawi yaitali kuti chibwerere. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito yanu chaka chino ndi madzi, kuphimbira ndi kupalira. Kukakhala kopanda mvula, rhubarb amafuna madzi okwana mamilimita 25 pa mlungu, amene ndi malita 25 pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndipo kukatentha amafuna oposerapo. Ndi bwino kuthirira kwambiri kamodzi kapena kawiri pa mlungu kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Pisani chala m'dothi: mukapeza pouma mpaka mfundo yachiwiri, thirirani. Madziwo athireni mozungulira chomera, osati pachitsa penipeni kapena pamasamba.

Phimbirani nthaka ndi udzu wouma wopanda njere, masamba owola kapena kompositi, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8. Zophimbirazi zimasunga chinyezi, zimaziziritsa mizu, zimatsekereza udzu. Koma siyani mpata wonga chikhatho kuzungulira chitsa. Zophimbira zikagunda chitsa zimachinyowetsa usana ndi usiku, nkhono zimabisalamo, kuwola kumayambira pomwepo. Udzu womera pafupi ndi chomera zulani ndi manja, khasu lingateme mizu.

Chakudya cha chaka ndi chaka, ndi nkhani ya maluwa

Rhubarb ndi wadyera. Masamba aakulu chonchija sangatuluke pa nthaka yaguga. Chaka chilichonse, kumapeto kwa nyengo yozizira maso asanatumphuke, yalani ndowa ya manyowa owola mozungulira chomera, osakwirira chitsa. Ngati mumagwiritsa ntchito feteleza, dzanja limodzi la feteleza wosakaniza wokhala ndi nayitirojeni ndi lokwanira pa chomera chachikulu. Mwazeni motalikirana ndi chitsa, n'kuthirira. Mukamaliza kukolola onjezeraninso manyowa, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene chomera chikubwezeretsa mphamvu. Masamba akauma kumayambiriro kwa nyengo yozizira, achotseni onse pakhale poyera. Potero chitsa chimalandira kuzizira kumene chikufuna, ndipo tizilombo ndi matenda zimasowa pobisala.

Nthawi zina pakati pa chomera pamatuluka phesi losiyana ndi anzake: lozungulira, lamphako mkati, lokhala ndi chibulumwa kunsonga m'malo mwa tsamba. Limenelo ndi la maluwa. Mukalisiya limatalika kuposa masamba onse n'kuchita maluwa oyera, ndipo chomera chimathera mphamvu zake pa njere. Liduleni ndi mpeni wakuthwa pansi penipeni mukangoliona, modula mopendeketsa kuti mphako yotsalayo isasunge madzi. Maluwa amachuluka chitsa chikakalamba, kukatentha kapena kukauma kwambiri, ndipo mitundu ina, monga Victoria, ndi khalidwe lake. Mapesi a chomera chimene chachita maluwa amadyedwa bwinobwino.

Kukolola

Chaka chachiwiri, ngati chomera chikuoneka champhamvu, tengani mapesi awiri kapena atatu pa chomera nthawi imodzi, kwa milungu iwiri kapena itatu yokha, kenako mulekeretu. Ngati chikuoneka chofooka, chipatseni chaka china. Kuyambira chaka chachitatu mungakolole kwa milungu 8 mpaka 10, kuyambira pamene mapesi oyamba akhwima.

Phesi lakhwima likatalika masentimita 25 mpaka 30 kapena kuposerapo, lili lolimba, ndipo tsamba lake latambasuka. Yambani ndi akunja, onenepa. Kazulidwe kake ndi aka: tsetserezani dzanja mpaka kutsinde kwa phesi, ligwireni zolimba pansi penipeni, lipendeketseni pang'ono kumbali mukulipotoza, n'kukoka. Limathothoka lonse ndi kachikamba koyera kutsinde kwake. Mpeni musagwiritse ntchito apa. Phesi lodulidwa limasiya chiputu chimene chimawola pang'onopang'ono chili chomatirira pachitsa, pamene lozulidwa limasiya pamalo poyera pouma msanga. Likathyokera pakati, bwererani muzule chotsalacho.

Nthawi iliyonse musatenge mapesi opitirira theka la amene alipo, ndipo ine ndimaona kuti gawo limodzi mwa magawo atatu ndiye muyezo wabwino. Chomera chizikhala ndi masamba okwanira nthawi zonse. Chizindikiro choti mulekere pomwepo chimachokera kwa chomera chenichenicho: mapesi atsopano akayamba kutuluka oonda kuposa oyamba aja, chatopa. Chisiyeni chikule momasuka mpaka nyengo yozizira, ngakhale milungu 8 isanakwane.

Mukangozula phesi, dulani tsamba lake pomwepo m'dimbamo. Mukalisiya limapitiriza kukoka madzi ndipo phesi limafota, komanso si bwino kuti masambawo afike kukhitchini. Aponyeni pa mulu wa kompositi popanda mantha, asidi uja amatha masamba akamawola. Chisanu champhamvu chikagwa mapesi atatuluka kale, yang'anani bwino: amene afewa, achita madzimadzi kapena ada, zulani mutaye. Olimba, oima chilili, ndi abwino.

Zikavuta

Chomera chikafota chonse pamene dothi lili lonyowa, mapesi akuthothoka okha ndipo kutsinde kwake kuli kofewa, kwabulauni, ndiye kuti chitsa chawola. Chifukuleni chonse ndi dothi lozungulira, muchiwotche kapena muchitaye kutali, osati pa kompositi. Pamalo pomwepo musabzalenso rhubarb. Ndipo dzifunseni chimene chinasunga madzi: kodi ndi dothi, kuzama kwa kabzalidwe, kapena zophimbira zogunda chitsa?

Madontho ofiirira kapena abulauni pamasamba, amene pakati pake pamabooka, ndi matenda a nkhungu okonda chinyezi. Kawirikawiri sapha chomera. Chotsani masamba ogwidwawo, lekani kuthirira pamasamba, ndipo yeretsani pamalopo nyengo yozizira ikayamba. Nkhono zimakonda masamba anthete ongotuluka kumene, zitoleni madzulo ndi tochi. Nsabwe za m'masamba zitsukeni ndi madzi. Ku North America kuli kachikumbu ka mlomo wautali kamene kamabaya mapesi n'kusiya timabala totuluka utomoni. Kamaswana m'zitsamba zakutchire za banja limodzi ndi rhubarb, choncho kulambula m'mphepete mwa dimba kumathandiza.

Dandaulo lomveka kawirikawiri ndi la mapesi oonda. Zifukwa zake ndi zodziwika: chomera chidakali chaching'ono, munakolola mopitiriza chaka chatha, chikusowa chakudya kapena madzi, chili pamthunzi wambiri, kapena chitsa chakalamba n'kuthithikana. Chomalizachi chili ndi mankhwala ake.

Kugawa chitsa

Pakapita zaka 4 kapena 5, chitsa chimakhala chitatambalala, maso atachuluka, pakati pake patauma ngati mtengo. Mapesi amachuluka koma oonda. Nthawi yogawa yakwana. Chitani izi chitsa chili mtulo, nyengo yomwe ija yobzalira.

Kumbani mozungulira, motalikirana ndi chitsa masentimita 30, mozama ndithu, chifukwa mizu yake ndi yonenepa ndipo imapita pansi. Chinyamuleni chonse, ndipo musadabwe chikafuna anthu awiri. Sasani dothi kuti maso aoneke. Ndi fosholo yakuthwa kapena chikwanje choyera, chiduleniduleni kuti chidutswa chilichonse chikhale chachikulu kuposa nkhonya, chokhala ndi diso limodzi mpaka atatu ndi mizu yake. Zidutswa za m'mphepete ndiye zamphamvu. Chapakati chokalamba chija, ndi paliponse pofewa kapena pamphako, tayani. Bzalani zidutswazo nthawi yomweyo m'maenje okonzedwa ndi manyowa atsopano, ndipo muzizitenga ngati zomera zatsopano: chaka choyamba osakolola. Ngati muli ndi zomera zitatu, musagawe zonse chaka chimodzi. Gawani chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, kuti pakhomo pasasowe zokolola.

Kukulitsira mumdima

Pali luso lina kwa amene ali kumadera ozizira kwenikweni ndipo zomera zawo zakwanitsa zaka zitatu. Rhubarb akakulira mumdima amathamangira kufunafuna kuwala, ndipo mapesi ake amatuluka msanga, aatali, ofewa, ofiira motuwira, osawawasa kwambiri, ali ndi timasamba tating'ono tachikasu. Ku Yorkshire, ku England, m'dera la pakati pa Wakefield, Morley ndi Rothwell, alimi amalera zitsa panja zaka ziwiri, n'kuzifukula chisanu chitazimenya, kuzilowetsa m'nyumba zofunda zamdima, ndipo pokolola amaunikira ndi makandulo kuti kuwala kwambiri kusasokoneze kakulidwe kake. Mu 2010 dzina la rhubarb ameneyu linatetezedwa ndi malamulo a European Union.

Pakhomo simufunika kufukula. Kumapeto kwa nyengo yozizira, chitsa chitalandira kale kuzizira kokwanira, yeretsani pamalopo, vundikirani chitsa ndi ndowa yaikulu kapena mbiya yakuya, tsekani pobooka paliponse kuti kuwala kusalowe, ndipo kutirani kunja kwake ndi udzu wouma kuti mkati mufunde. Muzivundukula kamodzikamodzi kuona ngati nkhono zalowa. Pakapita milungu 6 mpaka 8 mapesi amakhala atafika pamwamba. Mukakolola chotsani chovundikiracho, thirani manyowa, ndipo chomeracho musachikololenso chaka chimenecho. Njirayi imamaliza mphamvu za chitsa, choncho musaibwereze pa chomera chimodzimodzi zaka ziwiri zotsatizana. Chomera chofooka kapena chongogawidwa kumene musachiyese n'komwe.

Mapesi akafika kukhitchini

Osatsuka, okulungidwa m'nsalu yonyowa pang'ono kapena m'pepala la pulasitiki, mapesi amakhala m'firiji mlungu umodzi kapena iwiri. Akachuluka, atsukeni, aduleni m'zidutswa za masentimita 2 kapena 3, ayaleni pa thireyi mu filiza kuti aume ndi kuzizira chilichonse pachokha, kenako muwalonge m'matumba. Mu filiza amakhala pafupifupi chaka.

Pophika chotsani kachikamba ka kutsinde ndi chotsalira chilichonse cha tsamba. Madzi thirani ochepa kwambiri, masipuni angapo, chifukwa mapesiwo amatulutsa awoawo, ndipo pa moto wochepa amafewa m'mphindi 10 zisanathe. Shuga yambani ndi wochepa, mulawe, muwonjezere. Mapesi nawonso ali ndi asidi wa oxalic, wochepa poyerekeza ndi wa m'masamba, kotero amene anadwalapo miyala ya mu impso ayambe afunsa dokotala asanazolowere kudya rhubarb pafupipafupi. Poto wake akhale wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wokutidwa ndi enamelo. Wa aluminiyamu, wa mkuwa kapena wachitsulo chakuda amadyeka ndi asidi, amadetsa chakudya ndi kuchipatsa kakomedwe ka chitsulo.